Chipsera cha pachifuwa

Ana amene anabadwa ndi bowo pamtima n'kukachitidwa opaleshoni ku India, ena mwa iwo tsopano ali ndi mabanja. Muphwa wanga kuno ku Chitukula ndi mmodzi. Ali mwana milomo inkada, akathamanga pang'ono ankanjuta kuti apezeko mpweya. Atabwerako anayamba kusewera mpira, ife tinalulutira, mapepala ake n'kulowa m'jumbo pansi pa sutikesi.

Chaka chino popalira ndamuona akuima pakati pa mzere atatsamira khasu. "Amalume, n'kutopa chabe," amatero. Koma madzulo akakolo amatupa, ndipo akuti mtima nthawi zina umathamanga ali chikhalire.

Pamapepala aja palembedwa tetralogy of Fallot. Madokotala amatseka bowo ndi kukulitsa njira ya magazi opita kumapapo, koma valavu ya pamenepo kawirikawiri imatsala yosatseka bwino. Magazi ena amabwerera, mbali ya kumanja kwa mtima n'kumatanuka pang'onopang'ono, mwiniwake osamva kanthu kwa zaka 20 kapena kupitirira. Pomwe anasokapo pamatsala chipsera, ndipo chimatha kusokoneza kagundidwe. Ena amafunika kuikidwa valavu yatsopano.

Vuto lobadwa naloli analikonza koyamba mu 1954 ku Minnesota, ku America. Ndikaganiza zimenezi mtima umakhalako pansi: ngakhale madokotala anaphunzira za mavuto obwera pambuyowa poona ana oyamba kuchitidwa opaleshoniwo akukula. Nanga ife akumudzi tikanadziwira kuti?

Chimandivuta n'choti mwana amakhala ndi womunyamula kupita naye kuchipatala, pomwe wamkulu amadziona yekha. Ndiye amayerekeza ndalama ya ulendo wa ku Lilongwe ndi thumba la feteleza, feteleza n'kupambana. Dzino likamupweteka amangomwa Panado, chonsecho tizilombo ta m'kamwa titha kulowa m'magazi n'kukakhala pa valavu. Kwa mtsikana nkhani imakulirapo, chifukwa mimba imawonjezera magazi oti mtima upope. Ayenera kuyezedwa asanaime, koma ankhoswe sakamba zimenezi pokonza ukwati.

Muphwa wangayo ndamuuza atenge mapepala a ku India ndi buku lake lakuchipatala, tikayambe ku chipatala cha Kabudula kukapempha kalata yopita ku Kamuzu Central, akamujambule mtima ndi kuyeza kagundidwe. Iye akuti tidikire agulitse soya. Ine soyayo sindimudikira. Mbuzi imodzi ipita kumsika wa ku Nsaru sabata ino.