Mwana afufuze za kwawo kapena za kutsidya la nyanja?

Otsutsana pano ndi anthu awiri apachilamu a m'boma la Mchinji. Woyamba ndi bambo wa mtsikana amene akumaliza chaka chachitatu cha maphunziro a mbiri yakale ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba. Bamboyo ndi Mngoni wa kwa Mlonyeni ndipo amagula soya ndi mtedza pa Kamwendo. Wachiwiri ndi atsibweni ake a mtsikanayo, Mchewa wa kwa Mkanda, mphunzitsi wa sekondale wopuma pantchito. M'chaka chachinayi wophunzira amasankha maphunziro oti azame nawo ndipo amalemba kafukufuku wakewake. Mtsikanayu akufuna kulemba za anthu amene Angoni a Mpezeni anawagwira kunkhondo m'dziko la Mkanda, ndi kumene zidzukulu zawo zinathera.

BAMBO: Alamu, ine sindinakanepo kuti mwana aphunzire mbiri. Atakhoza MSCE ndi makirediti 6 amafunika aja, Chingerezi chili momwemo, dzina lake n'kutuluka pamndandanda wa NCHE, ndinagulitsa ng'ombe osawiringula. Ngongole ya fizi imene akutenga kuboma adzayenera kubweza. Ndiye ndikuti asankhe zomwe zidzamudyetse. Ana a Fomu 4 amalemba mayeso a nkhondo ziwiri za dziko lonse, a Hitler, a League of Nations. Azame m'zimenezo, akamaliza apeze sukulu yophunzitsa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

ATSIBWENI: Zimenezo ndaphunzitsa mpaka tsitsi kuyera, alamu, ndipo sindikuzinyoza. Koma ndinkatulutsa ana odziwa pamtima pangano la ku Versailles la 1919, omwe ukawafunsa chifukwa chake boma lathu lino linkatchedwa Fort Manning amangoyang'anana. Chikhalirecho nkhondo inamenyedwa pakhomo pathu pompano. Mjeremani wina, Carl Wiese, analandira chilolezo kwa Mpezeni, chilolezocho n'kugwera m'manja mwa kampani ya North Charterland imene inkakhulupirira kuti m'dziko la Angoni muli golide. Mu Januwale 1898 asilikali a boma la ku Zomba analowa ndi mfuti zazikulu. Mu Febuluwale anamuwombera Nsingo, mwana wa Mpezeni, ng'ombe zikwizikwi analanda, ndipo Mpezeni mwiniwakeyo anadzamusunga kuno ku Fort Manning pafupifupi chaka. Ncwala imene mumakavina ku Mtenguleni inazima kuyambira pamenepo mpaka 1980. Amene analemba za nkhondoyo ndi omwe anapambana. Lero mwana wa Mngoni wapeza mwayi wolemba yekha, inu mukuti akabwereze za Hitler, zomwe azungu anadzaza nazo kale nyumba za mabuku?

BAMBO: Akanati alembe za Nsingo ndikanamuperekeza ndine panjinga yamoto mpaka ku Chipata. Koma iye akufuna za ogwidwa. Inu mukudziwa kulemera kwa mawu amenewo m'mudzi. Alipo mabanja kwathu amene amavala zikopa ndi nthenga pa ngoma, ana awo amadziwa kuti ndi Angoni basi, pomwe gogo wa gogo wawo anabwera atamangidwa kuchokera kwanu kwa Mkanda. Akuluakulu amadziwa, koma anatseka pakamwa, ndipo kutseka pakamwa kumeneko ndi kumene kwasunga mudzi. Lero minda yachepa, maesiteti a fodya anadya malo ambiri m'boma lino, anthu akukokerana malire tsiku ndi tsiku. Tsiku lina munthu adzaimirira pabwalo la milandu, pepala la kuyunivesite lili m'manja, n'kunena kuti uyu si mwini nthaka, ndi kapolo, zalembedwa apa. Wosula mkondo umenewo adzakhala mwana wanga.

Amene sanakhalepo pabwalo pokambirana za ufumu angaganize kuti bamboyu akukokomeza. Sakukokomeza. Mawu akuti kapolo akadali ndi mano, ndipo amatuluka pa nthawi yoipitsitsa: pamaliro, posankha wolowa ufumu, pogawa munda wa malemu.

ATSIBWENI: Mwanena nokha kuti akuluakulu amadziwa. Ndiye nkhaniyo siinafe. Imatuluka pamowa, mopotoka, popanda woiwongola. Chomwe mwanayu wawerenga ku Zomba, chimene wotukwana pamowayo sanawerenge, n'chakuti mtundu wa Angoni unamangidwa ndi ogwidwa omwewo. Amene ananyamuka ndi Zwangendaba kummwera anali ochepa. M'njira monse anatenga Athonga, Akaranga, Ansenga, kenako Achewa, ndipo mnyamata wogwidwa akalimba mtima kunkhondo ankatha kukwera mpaka kukhala nduna. J. A. Barnes anazifotokoza zimenezi m'buku lake la 1954 lonena za Angoni a ku Fort Jameson, komwe lero ndi ku Chipata. Inuyo alamu mumalankhula chiyani pakhomo panu? Chingoni chinatsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'zithokozo za mafumu, chifukwa ana analeredwa ndi amayi ogwidwa amene ankawayimbira m'Chinsenga ndi m'Chichewa. Mwanayu akalemba bwino, manyazi amene mukuwaopawo adzachepa, popeza aliyense adzaona kuti palibe banja limene magazi ake anabwera okha kuchokera kummwera. Komanso ku yunivesite samutulutsa munthu chimanjamanja. Lilipo phunziro la njira zofufuzira, ndipo ndilo mutu wa digiri yonseyi: kupempha chilolezo kwa wofunsidwa, kubisa dzina pofunika kubisa, kumva mbali zitatu za nkhani imodzi, kudzifunsa kuti wondiuzayu akupindula chiyani ndikamukhulupirira.

BAMBO: Kubisa dzina m'mudzi wa nyumba makumi atatu? Ukangoti mayi wina wokalamba wa pafupi ndi dambo, aliyense wamudziwa. Ndipo nkhani za agogo ndi nthano, lero anena izi mawa zina.

ATSIBWENI: Za kudziwika mwanena zoona, ndipo zina adzayenera kuzisiya osalemba. Koma za nthano ayi. Angoni ankasimba kuti tsiku limene anawoloka Zambezi dzuwa linada masana. Akatswiri a zakuthambo atawerengera anapeza kuti kadamsana anachitikadi kumeneko mu Novembala 1835. Chaka chimene ana amaloweza m'kalasi chinachokera m'kamwa mwa agogo. Mukanena kuti tidalire mapepala okha, dziwani kuti mu 1919 moto unapsereza maofesi a boma ku Zomba pamodzi ndi zolemba zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda. Zotsalazo analemba ma DC, polemba za msonkho ndi za anthu othawa thangata. Samuel Ntara anayenda kwa akuluakulu m'zaka za m'ma 1940 kuti alembe Mbiri ya Achewa. Kings Phiri anamaliza digiri yake yaukadaulo ku Wisconsin mu 1975 ndi mbiri ya Achewa a chigawo chapakati yotoleredwa pakamwa. Ophunzira a ku Chancellor College a zaka zimenezo ankatumizidwa kwawo patchuthi kukafunsa okalamba, ndipo timapepala tawo mpaka lero timatchulidwa m'mabuku a akatswiri. Okalamba amene anawafunsawo onse anapita. Akanadikira kuti mudzi uvomereze kaye, tikanakhala ndi chiyani?

BAMBO: Chabwino. Tsono tamverani ichi, chimene chimandipweteka kuposa zonse. Mwanayu adzapita kwa azakhali anga, amene maso anachita khungu. Adzakhala nawo pamphasa kuseri kwa nkhokwe, n'kuika foni pakati pawo kuti ijambule mawu. Azakhaliwo adzamugwira nkhope kuti amuzindikire, n'kuyamba kumuuza zomwe sanauzepo ngakhale ine, poti akuona kuti akulankhula ndi mdzukulu wawo. Sakudziwa kuti akulankhula ndi yunivesite. Mwanayo adzatenga mawuwo, kuwatembenuzira m'Chingerezi, kumangitsa chikuto cholimba, kupereka kwa aphunzitsi ake. Iye adzalandira digiri. Pepalalo lidzakhala pashelefu ku Zomba, mzungu wina adzabwera kudzaliwerenga n'kulembera buku lake. Azakhali anga adzatsala ndi paketi ya shuga. M'mudzi monse palibe adzamve zomwe zalembedwa za iye. Ine pa Kamwendo ndikagula soya ndi sikelo yobera amanditcha wakuba. Uyu mumutcha chiyani?

Pamenepa atsibweni alibe yankho lokwanira, ndipo ine ndikuona kuti bamboyu wagunda pamene pali bala lenileni. Polowa pakhomo la yunivesite wophunzira amafunsidwa Chingerezi, ndipo potuluka amayesedwa m'Chingerezi. Chilankhulo cha anthu amene mbiri yawo ikulembedwa chimangokhala chotolera nkhani basi. Ntara uja tamutchulayu analemba m'Chichewa, ndipo n'chifukwa chake buku lake linafika m'manja mwa aphunzitsi a kumidzi ndi mafumu, amene ankatha kulitsutsa ngati lalakwa. Ndikanakhala ndi mphamvu pa malamulo a digiri ya mbiri, ndikanaika lamulo lakuti wofufuza kumudzi asalandire malikisi ake asanabwerere kukawerengera eni nkhani zomwe walemba, m'chilankhulo chawo, iwo n'kumuuza pomwe waphonya.

ATSIBWENI: Ndavomera, alamu. Abweretse pepalalo m'Chichewa, aliwerenge pamaso pa azakhali anu ndi amfumu asanalipereke. Ine ndidzamuthandiza kumasulira. Ndipo poti tafika pa zilankhulo, ndimamuuzanso kuti pa maphunziro osankha aja asathawe Chifalansa. Ansembe a White Fathers anafika ku Kachebere mu 1903, patangotha zaka 5 nkhondo ya Mpezeni itatha, ndipo ankalemba zochitika tsiku ndi tsiku m'Chifalansa. Mpwitikizi Gamitto anadutsa m'dziko la Achewa mu 1831 pochokera ku Tete kupita kwa Kazembe, Angoni asanafike, ndipo analemba m'Chipwitikizi. Zolemba za boma la Fort Jameson zili ku Lusaka. Malire athuwa anangotsata mtunda umene umagawa madzi opita ku Luangwa ndi opita kunyanja, n'kudula pakati mbumba za Gawa Undi ndi anthu a Mpezeni. Munthu sangalembe mbiri ya Mchinji atangoima ku Mwami kuyang'ana kuno.

BAMBO: Chifalansa, Chipwitikizi, Lusaka, uphunzitsi. Mapanga awiri avumbwitsa, inu mukumupatsa anayi. Ndipo ntchito yake ili kuti?

ATSIBWENI: Sindikunamizani, ntchito n'zochepa. Ku malo osungira zolemba zakale ku Zomba ndi ku nthambi yoona za zinthu zamakedzana salemba anthu chaka chilichonse. Ambiri amathera m'kalasi, ena ku nyuzipepala ndi m'mabungwe. Choko adzachigwira ndithu. Koma mphunzitsi amene anafufuzapo yekha amaphunzitsa ana kufunsa kuti wanena ndani, pomwe winayo amangowalembera manotsi pabolodi.

BAMBO: Ndiye tipangane. Kwa azakhali ndidzamuperekeza ndekha, ndipo ndidzawauza poyera kuti mawu awo akupita ku Zomba, akakana zathera pomwepo. Dzina la banja lililonse lisalembedwe, ngakhale la mudzi. Koma ndamva kuti akufunanso kuonjezera mutu wa zimene zinachitika m'malire muno nthawi ya chipani chimodzi. Zimenezo ayi.

ATSIBWENI: Mukunena za Orton ndi Vera Chirwa. Anawagwira pa 24 Disembala 1981. Boma linati anawagwira atalowa okha m'Malawi kuno ku Mchinji, eni akewo anati anachita kubedwa kuchokera ku Zambia. Khoti la mafumu linawagamula kuti aphedwe mu 1983, Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, Vera anatuluka mu 1993. Nkhani imodzi, mbali ziwiri, ndipo alipo anthu m'midzi ya m'malire muno amene anaona magalimoto usikuwo kapena anamva kwa owaona. Palibenso phunziro la mbiri loposa limenelo.

BAMBO: Ogwidwa a Mpezeni anafa kalekale, ndipo owagwirawo anafanso. Awa ndi amoyo. Amene ankayenda ndi makadi a chipani pamsika, amene ankanong'oneza apolisi, ena ndi akulu ampingo lero, timadya nawo mgonero. Ana awo anakwatirana ndi ana a omwe anawapereka. Mwana wanga ndi wamkazi, wazaka 22, ndipo akamaliza sukulu adzakhala kuno, osati ku Zomba. Aphunzitsi ake sadzabwera kudzagona pakhomo pake. Zimenezo adzalembe ine nditapita.

ATSIBWENI: Pa chaka chino ndikugonjerani, pepala limodzi silinganyamule zonse. Koma za kudikira imfa yanu sindivomera, alamu. Amene anali ndi zaka 30 usiku umenewo lero adutsa 70. Akamaliza za ogwidwazi ndidzamuuza ndine kuti ayambe kuwayendera mmodzimmodzi, ajambule mawu awo ndi chilolezo chawo, awasunge osasindikiza mpaka eni ake atalola. Mukadzandiletsa, tidzakhalanso pansi pomwe pano, mlongo wanga ali pomwepo, poti mwanayu ndi mbumba yanganso.