Kodi Mtima Wachifundo Ukwanira?

Ambiri amati wothandiza anamwino m'nyumba yosungiramo nkhalamba angofunika mtima wachifundo basi. Koma tiyeni tilingalire bwino, abale. Chifundo chosadziwa nchito yake chingathe kupha.

Taonani agogo osakhoza kudzuka pa kama. Wongowamvera chisoni anena kuti: "Alekeni apumule." Wophunzira awatembenuza pa maola 2 ali onse, pakuti khungu lopsinjika nthawi yaitali lisowa magazi, ndipo zironda zibuka pa matako ndi ku zidendene. Powadyetsa phala ayamba wawakhazika tsonga, kuti chakudya chisalowe ku mapapo. Asamba m'manja asanakhudze wodwala wina. Ku Vienna m'chaka cha 1847 dokotala Semmelweis anaonetsa kuti mwambo waung'onowu upulumutsa miyoyo.

Komatu nzeru yopanda ulemu nayonso ipweteka. Kusambitsa munthu wamkulu osatseka chitseko, kapena kumkalipira ataipitsa zofunda, ndiko kumbvula umunthu wake.

Tsono yankho ndi ili: wokonda wodwala moona adzafunitsitsa kuphunzira. Kunena kuti timkonda, uku tikukana maphunziro, ndiko kudzikonda tokha. Pakuti mtengo wa umbuli wathu aulipira ndi thupi lake iye amene alibe mphamvu yodandaula.