Kodi Nkhondo Ili M'magazi Mwathu?

Tikamva kuti kwinakwake mfuti zayambanso kulira, funso lakale limadzuka m'mitima mwathu: kodi munthu anabadwa ndi nkhondo m'magazi mwake? Ambiri amayankha msanga kuti inde. Amati ana aŵiri oyamba a Adamu, obadwa mimba imodzi, analephera kukhalirana, ndipo Kaini anapha Abele dziko lisanadzaze, malo olima ali mbwee. Ngati anthu aŵiri anakanika kugaŵana dziko lonse lapansi, nanji ife amene timalimbirana malire a munda? Funso limeneli n'lofunika kuliganizira mofatsa, pakuti munthu amene wakhulupirira kuti nkhondo siingapeŵeke amaleka kugwirira ntchito mtendere, nayamba kunola mkondo mnzake asanamupute n'komwe.

Anthu ena anzeru zakuya anaganiza chimodzimodzi. Thomas Hobbes, amene anakhala ndi moyo pa nthaŵi ya nkhondo yapachiŵeniŵeni ya ku England, analemba buku lotchedwa Leviathan m'chaka cha 1651. M'bukumo anaphunzitsa kuti popanda mfumu yoopedwa ndi onse, munthu aliyense amasanduka mdani wa mnzake chifukwa cha mantha, mpikisano ndi kufuna ulemu. Tisafulumire kumutsutsa. Aliyense amene amayang'ana mumtima mwake moona amapezamo nsanje, dyera ndi chilakolako cha kubwezera. Eklezia nayenso sabisa zimenezi pamene amaphunzitsa za tchimo lobadwa nalo.

Komabe pali mtunda wautali pakati pa mkwiyo ndi nkhondo. Mkwiyo umabuka wokha ngati moto wa mapesi, ndipo suchedwa kuzima. Nkhondo imafuna kukonzekera kwa miyezi ndi zaka. Pamafunika wogula mfuti ndi zipolopolo, wodyetsa asilikali, wolamula, ndiponso wophunzitsa anyamata kuti anthu a tsidya lija si anthu ayi. Munthu sabadwa ndi zonsezi. Ndi ntchito yomangidwa ndi manja, monga momwe timamangira nkhokwe, ndipo chomangidwa ndi manja chingathenso kugumulidwa ndi manja.

Umboni wake tiupeza pafupi, kwa anansi athu a ku Mozambique. Dzikoli litangolandira ufulu m'chaka cha 1975, linaloŵa m'nkhondo yapachiŵeniŵeni imene inayamba mu 1977 n'kutha mu 1992. Akuti anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa ndi zida, njala ndi matenda. Nanga inachokera kuti? Panali madandaulo enieni a anthu akumudzi, amene boma la Frelimo linawasamutsira m'midzi yatsopano ndi kuchotsera mafumu ao mphamvu. Koma madandaulo okha sakadatha kuwotcha dziko kwa zaka 15. Gulu la Renamo linaleredwa ndi boma la azungu la ku Rhodesia, ndipo Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, boma la tsankho la ku South Africa linapitiriza kulipatsa zida. Nalo boma la Frelimo linkalandira zida kuchokera ku Soviet Union. Nkhuni zinalipo m'mudzi, koma okolezera moto ambiri anali akutali, amene nyumba zao sizinapse.

Chinanso chotiphunzitsa ndi momwe asilikali ambiri anapezekera. Anyamata ochuluka, ena a iwo ana ndithu, anachita kugwidwa m'minda ndi m'sukulu. Ena anakakamizidwa kuchita zoopsa m'mudzi mwao momwe, kuti asadzaganizenso zobwerera kwao. Tiyeni tifunse: kupha kukadakhala chibadwa cha munthu, kuopseza konseku kukadafunikiranji? Mwana saopsezedwa kuti ayamwe. Kuti aphe mnzake, amayamba wathyoledwa mtima. Nkhanza zimenezi zikuchitira umboni kuti mwa munthu muli chinthu chimene chimakana kukhetsa magazi, ndipo oyambitsa nkhondo amachidziŵa bwino chinthucho, n'chifukwa chake amalimbana nacho choyamba.

Tsono taonani momwe nkhondoyo inathera. Palibe mbali imene inagonjetsa inzake. Kuyambira mwezi wa July 1990, nthumwi za mbali ziŵirizi zinayamba kukumana ku Rome, m'nyumba ya gulu la akhristu eni ake lotchedwa Sant'Egidio. Amkhalapakati anali Andrea Riccardi, Bambo Matteo Zuppi, Mario Raffaelli woimira boma la Italy, ndi Ambuye Jaime Gonçalves a ku Beira. Zokambirana zinatenga zaka ziŵiri ndi miyezi itatu, nthaŵi zina n'kumaoneka ngati zafera m'mazira. Koma pa 4 October 1992, tsiku lokumbukira Fransisko Woyera wa ku Assisi, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere, ndipo mu 1994 anapikisana pa chisankho m'malo mopikisana ndi mfuti.

Anthu wamba nawonso anachita mbali yao. M'midzi yambiri wobwera ku nkhondo ankayamba wasambitsidwa mwamwambo asanaloŵe m'nyumba, kusonyeza kuti magazi okhetsedwa ndi litsiro loyenera kutsukidwa. Mu 1995 bungwe la mipingo ya chikhristu m'dzikomo, motsogozedwa ndi Ambuye Dinis Sengulane a mpingo wa Anglican, linayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Zina mwa mfutizo amisiri anazidula n'kupanga chosema chooneka ngati mtengo, chimene chinaikidwa mu British Museum ku London mu 2005. Ife a ku Malaŵi tili ndi umboni wathuwathu. Anthu othaŵa nkhondoyo okwana pafupifupi miliyoni imodzi analandiridwa m'maboma monga Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza, ndi anthu amene nawonso anali osauka. Ngati tinena kuti woombera mfuti anaonetsa chibadwa cha munthu, tinenenso chimodzimodzi za mayi wa ku Nsanje amene anagaŵira mlendo ufa wake wotsiriza.

Wina anganene kuti: mtenderewo sunakhalitse. N'zoona ndithu. Mu 2013 mfuti zinaliranso m'chigawo chapakati cha Mozambique, mu 2016 othaŵa nkhondo anadzazanso mudzi wa Kapise ku Mwanza, ndipo panafunika pangano lina, limene Filipe Nyusi ndi Ossufo Momade anasaina mu August 2019. Mu October 2017 nkhondo yamtundu wina inabuka ku Cabo Delgado. Kodi zimenezi sizikutsimikiza mau a Hobbes? Ine ndiganiza kuti zikutsimikiza mwambi wa makolo athu wakuti mlandu suola. Pamene zida zina sizinaperekedwe, pamene ena anadziona otsalira pa chuma ndi pa ulamuliro, pamenepo mpamene moto unayakanso. Chimene chinasiyidwa osakonzedwa ndicho chinabwerera.

Cholakwa chathu n'chakuti timayesa mtendere mwala, woti ukauika pamalo ukhala pomwepo mpaka muyaya. Mtendere ukufanana ndi munda. Palibe mlimi amene amapalira chaka chimodzi n'kuyembekeza kuti udzu sudzameranso, ndiponso palibe amene amaleka kulima chifukwa udzu umamera chaka ndi chaka. Augustino Woyera anaona kuti ngakhale omenya nkhondo amafuna mtendere pamapeto pake, kungoti amaufuna wokomera iwo okha. Ndipo Papa Yohane XXIII, m'kalata yake Pacem in Terris ya 1963, anatchula mizati inayi yochirikiza mtendere: choona, chilungamo, chikondi ndi ufulu. Mwa zinayizi palibe chimene chimachitika kamodzi n'kutha.

Choncho yankho langa ndi ili. Mbeu ya udani ili mwa ife, ndipo sitidzaizula yonse pansi pano. Koma kuti mbeuyo ikule n'kukhala nkhondo, pamafunika anthu oithirira, ndipo munthu ali ndi ufulu wokana ntchito imeneyo. Iwe ndi ine sitidzakhala pa tebulo la ku Rome. Tili ndi malire a munda amene tikukanganirana ndi m'bale wathu, tili ndi mau amene timalankhula za mtundu wina ana athu akumva, ndiponso tili ndi andale amene amagaŵira anyamata athu ndalama ndi zikwanje pa nyengo ya chisankho. Akuluakulu anati nkhondo simanga mudzi. Kupalira kwathu kuyambire pamenepo, chaka chino ndiponso chaka chamaŵa.