Kodi Timapembedza Amayi Maria?

Mnansi akatifunsa chifukwa chimene timagwadira ndi kolona m'manja, ambiri a ife timasowa chonena. Yankho lake nali: timapembedza Mulungu yekha, koma Amayi Maria timawalemekeza.

Pamene maepiskopi anasonkhana ku Efeso m'chaka cha 431 natsimikiza kuti Maria ndi Amayi a Mulungu, ankateteza chikhulupiriro chathu pa Mwanayo: Yesu mmodzi yemweyo ndi Mulungu weniweni ndiponso munthu weniweni. Ulemu wa Amayi uchokera kwa Mwana wawo.

Vinyo atatha pa ukwati wa ku Kana, Amayi Maria anauza otumikira kuti amvere Yesu. Tsono tidziyese, abale. Ngati kolona siitifikitsa pa kumvera Khristu ndi kukhululukirana m'banja, ndiye kuti tangowerenga mikanda chabe.