Dambwa North, Ndalama ndi Zanu, Madzulo ndi Anu

Yendani m'komboni ya Dambwa North dzuwa likupendeka, mukweze maso kumadenga. Madishi ali mbwee, ena oyera, ena achita dzimbiri, kwinaku timilongoti ta GOtv tili njo pansonga za mapaipi. Ena mwa madishi amenewa anazima kalekale, koma eni ake sawatsitsa. Mukawafunsa amayankha motsitsa mawu ngati apalamula mlandu: "Tilipira mwezi ukatha."

Ndikulankhula ndi inu amene mumatsitsa mawu. Dzutsani mutu, amayi. Dzutsani mutu, abambo. Simunalakwire munthu aliyense.

DStv inayamba mu 1995, ndipo GOtv itabadwa mu 2011, dziko loyamba kuilandira linali Zambia. Masiku amenewo dishi padenga inkalengeza kuti pakhomo pano zinthu zikuyenda. Ana a m'nyumba zoyandikana ankadzaza pabalaza, ena pampando, ena pasimenti, ena kusuzumira pazenera. Amene anaona Chipolopolo ikunyamula chikho cha Africa ku Libreville mu 2012 sadzaiwala mmene nyumba imodzi inkasandukira bwalo la komboni yonse. Zinali zokoma, ndipo sindikuzinyoza. Koma pang'onopang'ono kulipira kunasanduka chizolowezi, chizolowezicho n'kusanduka mantha. Tinayamba kulipira poopa kuti anzathu anena kuti tagwa. Alipo amene amapita kwa akaloba kukakongola ya dekoda, ufa m'nyumba ukugulidwa wa pamela. Chimenecho ndicho chimandiwawa.

Chaka cha 2024 chinatitsegula maso. Mvula inakana, ndipo mu February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi yogwera dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, ZESCO n'kuyamba kuzimitsa magetsi, mpaka m'madera ambiri mdima unkapitirira maola 20 patsiku. Mwezi wolipiridwa unkatha dekoda ili zii, malaiti akubwera pakati pa usiku anthu ali mtulo. Anthu anawerengera n'kuleka. Kampani ya MultiChoice, mwini wake wa DStv ndi GOtv, inalengeza yokha kuti pakati pa April ndi September chaka chimenecho inataya makasitomala pafupifupi 300,000 m'Zambia mokha. Mukuganiza kuti onsewo ndi olephera? Ndi anthu amene anagwira ndalama yawo n'kuifunsa kuti ikupita kuti. Ndipo nyumba zawo sizinagwe. Ana anakula, nsima inaphikidwa pambaula, nkhani zinamveka pawailesi ndi pafoni.

Taonaninso mmene makampani amachitira. Mu August 2023 MultiChoice inalengeza kuti ikuchotsa DStv ku Malawi itasemphana ndi bungwe la MACRA pa nkhani ya mitengo, ndipo inabwerera khoti litagamula. Mu 2025 kampani yonseyo inalowa m'manja mwa Canal+ ya ku France. Iwo amakhala pansi n'kuwerengera phindu lawo popanda manyazi, ndipo ndi ufulu wawo. Nanga inu manyazi mukuwatenga kuti powerengera thumba lanu?

Tengani kope ndi pensulo. Kwa sabata imodzi lembani chilichonse chimene banja laoneradi, osati chimene kanema ankangobwebweta yekha anthu ali panja. Mwina mudzapeza kuti pa matchanelo onse aja mumatsegula atatu kapena anayi. Mukatero chosankha chili poyera. Malipiro a pamwezi ndi olipiriratu, ndiye mukapanda kulipira zithunzi zimangozima, palibe amene adzagogode pachitseko. Mungathe kutsikira ku phukusi lotchipa. Mungathe kupuma miyezi itatu n'kudzabwerera. Mungathe kuleka ndithu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, musadikire kuti woyandikana naye ayambe.

Ndikudziwa pamene pali povuta: mpira. Bambo amene wakhala akutsatira Premier League kuyambira unyamata sangangoti basi. Koma ligi imeneyo imayamba mu August n'kutha mu May, ndiye miyezi ya pakatiyo mukulipiriranji phukusi lalikulu? Ndipo ndani analamula kuti nyumba zisanu zoyandikana zizilipira kasanu kuti zionere masewera amodzi omwewo, aliyense ali yekha pabalaza pake? Gwirizanani, muzisonkhana pakhomo limodzi monga kale. Mpira wa pagulu ndiwo umakoma. Palinso agogo amene madzulo awo ndi Mpali ya pa Zambezi Magic, ndipo foni yaing'ono maso awo saiona bwino. Amenewo musawalande chisangalalo mwachipongwe. Khalani nawo pansi, muwafotokozere ndalama mmene zikuyendera, mumve maganizo awo. Banja likagwirizana kuti dekoda ikhale, ikhale, koma ikhale chifukwa mwasankha ndi maso otsegula.

Tsono musathawe msampha uwu n'kukagwera wina. Kuonera pa intaneti si kwaulere. Netflix inafika m'Zambia mu January 2016, YouTube ili pafoni iliyonse yamakono, koma zonsezi zimadya bandulo ya MTN, Airtel kapena Zamtel. Ola limodzi la kanema wa zithunzi wamba pa Netflix limatha pafupifupi 1GB, ndipo la zithunzi zowala kwambiri lingafike 3GB. Munthu wosasamala angawononge pa mabandulo ndalama yoposa ya dekoda, K20 lero, K20 mawa, osazindikira. Lowani m'masetingi mutsitse kuwala kwa zithunzi, pakuti pafoni kusiyana kwake n'kochepa. Mukapeza Wi-Fi kapena bandulo ya usiku, tsitsiranitu zimene mukufuna kuti mudzaonere popanda intaneti. Zimitsani kaja kongoyambitsa kanema wina winayo akangotha. Mapulogalamu akuba amene amalonjeza mpira waulere akaneni: ndi kuba, ndipo ambiri amadza ndi zotsatsa za njuga ndi mavairasi olowa m'foni yomweyo imene mumasungiramo mobile money. Ana nawonso asamadzitsekere kuchipinda ndi foni. Kanema wa pabalaza makolo ankamuona, wa m'manja ayenera kumuonanso.

Koma chimene chimandiimitsa tsitsi ndi chimwemwe ndi ichi. Dishi inkangolandira. Foni imalandira n'kutumizanso. Mu 2023 filimu ya Can You See Us?, yotsogoleredwa ndi Kenny Mumba, yofotokoza za mnyamata wachialubino pomanga pa moyo wa woimba John Chiti, inalowa pa Netflix n'kuonedwa kunja kwa malire athu. Chaka chomwecho kunatuluka Supa Team 4, katuni ya atsikana anayi a mu Lusaka, yobadwa m'mutu mwa Malenga Mulendema, mwana wa Zambia. Mu 2019 filimu ya nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu inamveka padziko lonse, ochita sewero akulankhula Chichewa. Anthu amenewa sanabadwe ndi kamera m'manja. Anakhulupirira kuti nkhani ya kwawo ndi yoyenera kuonedwa.

Inu anyamata ndi atsikana a mu Dambwa North, mukukhala mumzinda umene alendo amawolokera nyanja kudzaujambula. Amatsika pa bwalo la ndege la Harry Mwaanga Nkumbula, amapita ku Mosi-oa-Tunya, amajambula mathithi n'kubwerera. Safika kumene inu mumafika. Sadziwa mayi wa pa msika wa Maramba amene amapanga milu ya kapenta mbandakucha akusintha Chitonga, Chilozi ndi Chinyanja malinga ndi wogula. Saona manja a wosema wa ku Mukuni Park akupala mtengo mpaka mvuu ituluke. Samva mantha a komboni usiku umene njovu zalowa m'minda ya masamba. Nkhani zimenezi ndi zanu, ndipo foni imene mukuonerapo miyoyo ya anthu a ku London ndi Johannesburg ili ndi kamera. Pa YouTube pomwepo pali maphunziro a kujambula, kulumikiza zithunzi, kukonza mafoni, kuika sola, kusoka. Ola limodzi madzulo alionse, kwa chaka, limasula munthu waluso.

Ndalama imene mwapulumutsa isasungunukire m'thumba. Ipatseni ntchito tsiku lomwelo: ilowe m'chilimba, igule kasola kounikira ana powerenga ndi kutchajira foni, ilipire yunifolomu, kapena igule kamaikolofoni ka mwana wanu amene amakonda kujambula.

Tsiku lolipira likubwera. Lisanafike, itanani banja lonse pabalaza, muike kope lija patebulo, aliyense alankhule, ndipo musankhe nokha. Mukasankha kuleka, kwerani padenga mutsitse dishiyo masanasana, anthu akuona.