Walira njinga walira sipoko

Lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Kuno ku Karonga mwambiwu sufuna womasulira. Khate linkafika kwa munthu wamkulu kale, wapabanja pake, n'kumulanda mphamvu yomva kupweteka ku mapazi. Ankaponda munga kapena khala lamoto osadziwa mpaka chilonda chitakula. Pamene a bungwe la LEPRA ankayamba kafukufuku wa matendawa ku Chilumba mu 1979, mankhwala ankapha kachilombo, koma phazi lakufa kale linkatetezedwa ndi nsapato yofewa mkati. Nsapato chabe! Ikatha pankafunika ina, ndipo apo ndi pamene pagona nkhani.

Masiku ano timaona njinga za anthu aulumali zikuperekedwa pamsonkhano, m'manja mukuwombedwa, zithunzi zikujambulidwa. Kupatsa n'kuika, sindikutsutsa. Koma walira mvula walira matope. Njinga yamatayala opyapyala, yopangidwira simenti ya m'chipatala cha kunja, imatitimira mumchenga wa ku Ngara, ndipo dzinja likafika m'madambo a mpunga ku Kaporo imangokhala mpando wa pakhonde. Belingi ikaphwanyika, yofanana nayo simuipeza pamsika. N'chifukwa chake ndimalemekeza amisiri a MAP, bungwe lomwe linayamba ndi dzina la Malawi Against Polio, popanga njinga zamatayala atatu ndi zitsulo za njinga yakapalasa. Boma lino ladzaza ndi njinga, ndipo wokonza aliyense wa pansi pa mtengo wa mango amadziwa kumata chubu ndi kumanga sipoko.

Mwendo wochita kupanga uli ndi vuto lake. Malo opangira miyendoyi a bungwe la 500 Miles anatsegulidwa pa chipatala chachikulu cha Mzuzu mu 2012, ndipo tinathokoza. Komabe ulendo wake ndi wopitirira makilomita 200, kukwera phiri la Chiweta, ndipo mwana amakula pomwe mwendo wapulasitiki sukula. Kholo ligulitsa matini angati a mpunga wa Kilombero kuti likayezetsenso? Kachipangizo kothandiza kumva nakonso kamangokhala chete batire yake yaing'ono ija ikatha.

Mutu umodzi susenza denga. Wobweretsa njinga abweretsenso matayala apadera, aphunzitse amisiri a ku Uliwa ndi ku Songwe, ndipo asanagule kanthu afunse mwini wake njira imene amadzera popita kumjigo, kutchalitchi ndi kumunda.