Wolakwa ndi ubongo kapena ine?



Kuseri kwa mphumi kuli gawo la ubongo lomwe limagwira ntchito ngati mabuleki: kuganizira za mawa, kubweza mawu oyipa asanatuluke. M'chaka cha 1848 ku Vermont, m'dziko la America, chitsulo chinaboola gawo limeneli m'mutu mwa Phineas Gage, kapitawo wa omanga njanji. Sanafe ayi. Koma dokotala wake analemba kuti munthu wodalirika uja anasanduka wotukwana, wosaugwira mtima.

Ndiye amatukwanayo anali ndani, Gage kapena bala lake?

Ku madrasa tinaphunzira kuti wamisala salembedwa machimo, pomwe wotha msinkhu amadziyankhira yekha. Chondizunguza n'chakuti akatswiri amati gawo lija limamaliza kukhwima munthu akamayandikira zaka 25. Ndiye kuti enafe mabuleki sanamange bwinobwino, koma angelo anayamba kale kulemba.

Ine pothawira sindikupaona. Gage chiwalocho chinawonongeka. Ife tili nacho, ndipo ubongo umalimbitsa njira zomwe timadutsamo kawirikawiri, kaya ndi kudziletsa kaya ndi kulalata.

Pondivuta ndi pa mng'ono wanga wa zaka 15. Akamenyetsa chitseko, ndimuweruze ngati wamkulu poti anatha msinkhu? Apa pakamwa pamandilemera ndithu.